Ng'ona Pansi pa Tebulo, Sopo Pamwamba

Pa ukwati wa mwana wa mlongo wake, Chimasula anali ndi ntchito imodzi yokha: kuonetsetsa kuti mayi wa mkwatibwi akaimirira kuti alankhule, anthu amve. Kwa munthu amene wasamala zokuzira mawu m'holo ya m'deralo kuyambira tsitsi lili bii mpaka kuchita mbuu, imeneyi inali ntchito yoti n'kugwira akuyasamula. Koma panali zovuta ziwiri. Choyamba, achemwali akewo mawu anali atawathera, ankangonong'ona. Chovuta chachiwiri chinali Chimasula mwini wakeyo.

Dzina limeneli sanalitole panjira. Amene analipo amalumbira kuti tsiku limene anabadwa, anamwino atangotembenuka kuti atenge thaulo, anamva bedi likuti gwedegwede. Kucheuka, khanda lamasula kale mabawuti a mwendo umodzi, likukwawira ku mwendo wina. Asanamere mano anali atatsegula wotchi ya bambo ake kuti aone amene amagogoda m'katimo. Wailesi ya panyumba anaikonza ili bwinobwino, ndipo kuyambira pamenepo inkagwira nyimbo za mayiko amene sanatulukiridwe n'komwe, koma nkhani za kwawo konkuno ayi. Chinthu chikamagwira ntchito bwino, iye mtima unkamupweteka. Ankachizungulira, kachitsulo komasulira kali kukhutu ngati pensulo ya kalipentala, akung'ung'udza kuti, "Chili bwino, inde. Koma chingathe kukhala bwinoko."

Makolo atamwalira, anamulera ndi achemwali ake aakulu, mayi wogulitsa masamba ndi tomato pamsika, amene dera lonse linkawatchula kuti a Chiphaliwali. Mawu awo simungawamvetse ngati simunawamvepo. Akati "Tomato uyu!" anthu a kutsidya kwa njanji ankatuluka m'nyumba ndi mabeseni. Akaseka, oyendetsa mabasi ankaima n'kutsika kukaona ngati tayala laphulika. Koma mawu awo amene ankamveka kuposa belu la kusukulu anali awiri okha: "Chimasula, siya!" Akatero, ngakhale ana a eni ake ankaponya pansi zimene agwira. Wakuba wina anabweza njinga. Galu wa kubutchala analavula fupa, ndipo mpaka imfa yake sanadyenso nyama.

Atakula, Chimasula anapeza ntchito m'holo: kusesa, kuyala mipando ndi kuyang'anira zokuzira mawu. Kumeneko ndiye anabereka mwana wake wachisamba, wamkulu kuposa onse amene anabereka ndi akazi ake. Chinali chibokosi chachitali, chosakanizira mawu asanapite ku masipika, ndipo anachimanga yekha ndi ziwalo za mawailesi akufa. Msana wake wonse unali mabatani okhaokha, ena opotokola, ena okankha, ena oti mwini wakeyo anaiwala kalekale ntchito yake. Kumbuyo kunkatuluka mawaya opiringizana ngati mchira. Anthu anangochiona kamodzi n'kuchitcha Ng'ona. Batani lina linali chitsekero cha botolo la mankhwala a chifuwa. Lina linali chidendene cha nsapato ya akazi ake, a Telala, amene anaifunafuna nsapatoyo mpaka kusiya kulankhulana ndi aneba.

Tisainamizire Ng'ona, inkatha zinthu. Munthu wa mawu a udzudzu inkamupatsa chifuwa cha ng'ombe. Wolankhulira m'mphuno inkamutsegula mphuno bwino kuposa mankhwala. Vuto linali lakuti Chimasula sankadziwa posiyira. Mawu akafika pokoma penipeni, chala chinkayamba kumuyabwa. "Pang'ono chabe," ankatero. Wolankhula ankayamba ngati munthu, pakati n'kusanduka mbuzi ili mumgolo, pomaliza njuchi ili m'botolo. Kenako masipika ankakuwa, tswiiii! Makanda kulira, azimayi kugwira mitu, mano oikirira a mkulu wina kuthawa m'kamwa n'kukabisala pansi pa mpando.

Tsiku lina Atcheya a komiti ya holo ankalandira alendo olemekezeka, ndipo Chimasula anaganiza zowawonjezera kaulemerero m'mawu. Masipika anakuwa mpaka nkhunda za padenga zinasamuka osatsanzika. Komiti inakumana madzulo omwewo, makutu akadali kulira, n'kugamula kuti Ng'ona ituluke ndipo isadzapondenso m'holomo.

M'malo mwake munabwera kabokosi koyera, kosalala, kopanda ngodya, kokhala ndi batani limodzi lokha pakati. Mayi wogulitsa zipangizo anakaika patebulo mwaulemu ngati dzira.

"Pomasulira ndi pati, mayi?" anafunsa Chimasula.

"Palibe, bambo."

"Nanga kakadwala?"

"Sikadwaladwala."

"Nanga ndikafuna kuti mawu anenepeko pang'ono?"

"Kamadziwa kokha."

"Kamadziwa kokha! Kanaphunzira sukulu iti kameneka? Si sopo uyu mwatibweretsera?"

Dzina linakhala lomwelo, Sopo. Ndipo chimene chinamupweteka Chimasula koposa n'chakuti Sopo ankaigwiradi ntchito. Ukangodina batani, basi. Phokoso la mafani a kudenga ankalimeza. Kukhosomola, kukwekwesa mipando, magalimoto a mumsewu, zonse ankazisesa n'kusiya mawu a munthu ali mbee. Kukuwa kunatheratu. Nkhunda zinabwerera ndi abale awo. Aliyense ankatha kumuyatsa, ngakhale Atcheya, amene foni yawo yomwe amawayankhira ndi akazi awo. Chimasula anamuyang'ana Sopo pansi ndi tochi, anamugogoda, anamununkhiza, ena amati anamulawako ndi lilime. Bawuti sanaipeze. Ng'ona anaikankhira pansi pa bedi kunyumba, ndipo iye anatsala munthu woyala mipando ndi kudina batani limodzi, zala zina zonse zili pa ulova.

Chaka chomwecho a Chiphaliwali anatuluka chotupa pakhosi. Madokotala moyo anaupulumutsa, koma mawu anatsalira komweko. Pamsika panagwa bata loti anthu anadabwa kumva kuti m'mitengo ya pamenepo mumakhalanso mbalame. Mayiwo sanasiye malonda. Ankagogoda sikelo ndi supuni poitana ogula, ndipo ofuna kunenerera ankawagonjetsa ndi diso lokha. Koma mwana wawo wamkazi atapeza banja, anakoka khutu la Chimasula n'kunong'onezamo.

"Pa ukwatiwo ndilankhula ndekha."

"Achemwali, bwanji wina akulankhulireni? Ine ndilipo."

"Iwe unamubereka ndiwe? Ndinabereka ndekha, ndilankhula ndekha. Ntchito yako ndi yoti anthu amve."

Kutatsala masiku ochepa, masana dzuwa likuswa mtengo, anapita kukayesa m'holo mopanda anthu: Chimasula, achemwali ake ndi a Telala. Chimasula anadina batani. A Telala anatenga maikolofoni n'kuti, "Muli bwanji nonse?" Mawu anatuluka okoma ngati a pa wailesi, mpaka eni akewo anakonza duku. Kenako anapatsira alamu awo.

A Chiphaliwali anaima mowongoka, anakoka mpweya, milomo n'kuyamba kuyenda. Masipika anangoti zii. Anayandikitsa maikolofoni mpaka kukhudza mano. Zii. Atakhosomola, Sopo anadzidzimuka n'kutulutsa kachidutswa ka chifuwacho, kenako n'kugonanso. Kunong'ona kwawo iye ankakuyesa mphepo ya mafani, ndipo ankakusesa mwaukhondo monga ankasesera phokoso lina lililonse.

Mayiwo anaika maikolofoni patebulo pang'onopang'ono. Chimasula anawerama kuti amve.

"Basi, tiyeni. Ngakhale makina adziwa kuti ndinatha."

Chimasula anali atakalipiridwa ndi mayi amenewa moyo wake wonse osagwetsa msozi, koma apa anatembenukira kukhoma n'kuyamba kukonza mpando umene unali wabwinobwino. Kenako anaimbira foni mayi wogulitsa zipangizo uja.

"Mayi, kauzeni kabokosi kanu kuti kunong'ona ndi mawunso."

"Pepani kwambiri, bambo. Anakapanga kuti kazisankha kokha, kuti anthu asamavutike. Mkati mulibe choti ine kapena inu tingasinthe."

"Ngakhale kabowo koti munthu n'kulowetsapo waya wopyapyala?"

"Bowo ndi limodzi lomwelo la maikolofoni."

Anathamangira kwa Atcheya, amene anawapeza akumetedwa. "Atcheya, tsiku limodzi lokha, Ng'ona ibwerere."

"Achimwene," anatero Atcheya, thovu lili kukhosi, "khutu langa lamanzere linayamba kumva mwezi wathawu. Mukufuna mulitsekenso? Mlongo wanu ndimamulemekeza. N'chifukwa chake sindingalole kuti pa ukwati wa mwana wake alankhule ngati mbuzi ili mumgolo."

Zimene ananena Atcheyazo zinali zoona. Ng'ona ikanakweza kunong'onako, inde, koma ikanakwezanso mafani, mipando, mpweya wa m'mphuno ndi mimba za alendo, kenako n'kukuwa.

Pobwerera kunyumba, onse atatu anadzera pa kagolosale ka pakona, kamene wogulitsa amakhala kuseri kwa waya. A Chiphaliwali ananong'ona chimene ankafuna. Wogulitsa anapitiriza kupanga mashelefu, osadziwa n'komwe kuti pali munthu. Mayiwo anakoka khutu la mlongo wawo monga mwa masiku onse n'kunong'onezamo.

"Akuti shuga ndi machesi!" anakuwa Chimasula.

Wogulitsa anatembenuka nthawi yomweyo. Koma Chimasula anali atauma, kukamwa kuli yasa, chala chili m'mwamba.

"Abambo, mwagwidwa ndi chiyani?" anafunsa a Telala. "Ntchentche zilowa."

"Amayi, Sopo ali ngati wogulitsa uyu! Si wankhanza, kungoti kunong'ona sakumva. Akufuna womuuza mokweza. Maikolofoni ilowe mwa Ng'ona, Ng'ona inenepetse mawu, kenako iwapereke kwa Sopo pa kabowo kake kaja. Ng'ona ikafuna kukuwa, Sopo aitseka pakamwa!" Anasangalala mpaka kuvina pang'ono, kenako nkhope inagwa. "Koma ndiye kuti Ng'ona yanga ikhala wantchito wa sopo."

"Inu mwakhala wantchito wa komiti zaka zonsezi. Mwafa?" anafunsa a Telala.

"Nanga Atcheya?"

"Atcheya anati Ng'ona isaponde m'holo. Ili ndi miyendo? Muinyamula. Nsalu ya patebulo ndisoka ine, yofika pansi."

M'mawa mwake Ng'ona inatuluka pansi pa bedi itavala fumbi, akangaude atamangamo mudzi wokhala ndi sukulu yawo. Chimasula anaipukuta ndi malaya ake a tchalitchi. Anaikweza pawilibala, anaifunditsa makatani, ndipo aliyense wofunsa ankamuuza kuti ndi maluwa a ukwati. Maluwa ake olemera mpaka tayala kuphwa.

M'holo Chimasula analumikiza mawaya. Anatsitsa mabatani onse, n'kuyamba kukweza limodzilimodzi: chitsekero cha botolo pang'ono, chidendene cha nsapato pang'ono. "Lankhulani, achemwali."

"Ndilankhule chiyani, chitsiru iwe?"

Mawuwo anatuluka m'masipika onse. Anali okwekwereza, otsika, ngati tsache likuyenda pasimenti, koma liwu lililonse linamveka mpaka kukhomo. A Chiphaliwali anadzidzimuka n'kucheuka kufuna amene walankhula. Kenako anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka. A Telala analira poyera. Chimasula sanamvepo mawu okoma ngati "chitsiru" ameneyo.

Ndipo pomwepo chala chinayamba kuyabwa.

"Pang'ono chabe, ndingowonjezera ka..."

A Telala anamumenya padzanja ndi tepi yoyezera. "Alamu, tamuuzani."

"Ukagwiranso," ananong'ona a Chiphaliwali, masipika onse akuvomereza, "ndidzakuphika pamodzi ndi tomato woola."

Anapangana kuti pa tsikulo a Telala adzakhala pambali pa amuna awo, atawagwira manja onse awiri.

Loweruka masana holo inadzaza mpaka ena kukhala m'mawindo. Sopo anali pamwamba pa tebulo, akuwala ngati ndiye mkwati. Pansi, kuseri kwa nsalu yofika pansi, Ng'ona inali phee. Oyamba kulankhula anagwiritsa ntchito Sopo yekha, ndipo zonse zinayenda bwino. Itakwana nthawi ya mayi wa mkwatibwi, Chimasula anagwetsa supuni dala, n'kulowa pansi pa tebulo ngati akuitola, n'kusintha mawaya. Potuluka anakumana ndi nsapato za Atcheya. Pafupi ndi nsapatozo panali kamchira ka mawaya katasuzumira kunja kwa nsalu.

Atcheya anayang'ana mchirawo. Anayang'ana Chimasula. Anayang'ana kutsogolo, kumene a Chiphaliwali ankakwera masitepe atagwira chitsulo. Kenako ndi nsonga ya nsapato anakankhira mchira uja mkati.

"Sindinaone kanthu, achimwene," anatero chapansipansi. "Koma ikangokuwa, ndakuonani."

A Telala anagwira manja a amuna awo n'kuwapanikiza pamiyendo pawo. A Chiphaliwali anakweza maikolofoni. Milomo inayenda.

Mawu anatuluka, koma ochepa, odukaduka. Poyesa paja holo inali yopanda anthu. Tsopano munali matupi, zovala, ana, mbale, ndipo zonsezi zinkamwa mawuwo asanafike pakati. Sopo ankagwira liwu limodzi n'kutaya awiri. Akumbuyo anayamba kufunsana kuti, "Akuti chiyani?" Mkwatibwi anaweramitsa mutu. Dzanja la mayi ake linayamba kutsika.

"Amayi, ndisiyeni," anatero Chimasula.

"Munalonjeza."

"Uku si kuyabwa, amayi. Kuyabwa ndimakudziwa. Anthu achuluka, pakufunika chidendene chikwere."

A Telala anamuyang'ana m'maso monga amayang'anira kasitomala wonena kuti sananenepe. Kenako anamasula chala chimodzi, chamkombaphala, zina zonse atazifinya.

"Chimodzi. Kamodzi. Ndipo nsapato imeneyo inali yanga, musandichititse manyazi."

Chala chinalowa pansi pa nsalu. Sichinafune maso, chinkadziwa njira ngati mwana wobwerera kwawo. Chinapeza chidendene n'kuchipotokola pang'ono, pang'ono penipeni, mwina koyamba chibadwire.

"...ndimati, mwana wanga, dzutsa mutu. Ndikulankhula ndi iwe."

Mawu aja anafika kumbuyo, anatulukira m'mawindo, anakafika kwa oyendetsa galimoto amene ankadikira panja. Ng'ona inayesa kukokera mpweya kuti ikuwe, Sopo n'kuigwira pakhosi mwaulemu. Mkwatibwi anadzutsa mutu, maso ali tong'o.

"Anthu inu mukundidziwa," anapitiriza a Chiphaliwali. "Ndakhala ndikukuwa moyo wanga wonse. Mwana uyu ndamulera ndi phokoso. Kudzuka, phokoso. Kusamba, phokoso. Ndinkaganiza kuti ndikasiya kukuwa agwa. Ndiye mawu atapita ndinaona kuti akuyenda yekha, ndipo amene wagwa ndine, iye ndiye akundidzutsa. Miyezi yonse ija wandimwetsa ndi kasupuni, osadandaula. Pali chinthu chimene sindinamuuzepo, chifukwa sichinenedwa mokuwa, ndipo ine kunong'ona sindinkakudziwa. Lero ndakuphunzira. Mwana wanga, ndimakunyadira. Wandikwanira." Anatembenukira kwa mkwati. "Ndipo inu apongozi, musaone ngati mwapulumuka poti mawu anatha. Diso lilipo."

Anthu anaseka akupukuta misozi. Amuna akuluakulu anayamba kunamizira mafani kuti akuwaponyera fumbi m'maso. A Telala nawo anafuna kansalu kopukutira, ndipo posadziwa anasiya manja a amuna awo.

Apa ndiye satana wa zala anadzuka. Mawu anali bwino, inde. Koma akanatha kukhala bwinoko. Kachitsekero ka botolo kaja kakanangokwera pang'ono chabe, achemwali akanamveka ngati kale, ngati pamsika! Dzanja la Chimasula linatsetsereka pabondo, linadutsa mphepete mwa tebulo, linayamba kukweza nsalu.

Mayi amene anamulera ankaona ngakhale ndi kumbuyo kwa mutu. Sanatembenuke n'komwe. Anangoyandikitsa maikolofoni.

"Chimasula, siya!"

Kunali kunong'ona, koma kunatuluka m'masipika onse nthawi imodzi. Chimasula anaponya manja m'mwamba ngati wagwidwa ndi apolisi. Woperekera zakumwa anasiya thireyi. Wojambula anasiya kamera ikulendewera m'khosi. Mkwati anasiya dzanja la mkwatibwi. Atcheya, amene anali atangotola kanyama m'mbale ya akazi awo, anakabweza. Kunja, amatero anthu, mdzukulu wa galu wa kubutchala uja analavula fupa.

Kenako holo inaphulika. Anthu anaimirira, akuwomba m'manja, akumenya matebulo, azimayi a pamsika akukuwa kuti, "Abwerera! A Chiphaliwali abwerera!" Mkwatibwi anathamanga ndi diresi lake lonse kukakumbatira mayi ake, n'kutsika kudzakumbatira amalume ake, amene anali akadali manja m'mwamba, akuseka, misozi ikulowa m'kamwa.

"Amalume, tsitsani manja."

"Sindingathe, mwana wanga. Sanandiuze kuti nditsitse."

Komiti inakumananso sabata yotsatira n'kusintha chigamulo. Ng'ona inaloledwa kukhala m'holo, pansi pa tebulo, Sopo ali pamwamba. Masiku wamba Sopo amagwira yekha, ndipo Chimasula amadina batani lake limodzi mosanyinyirika kwambiri. Koma kukabwera wokalamba wa mawu onjenjemera, kapena wodwala, kapena wamanyazi amene mawu ake amathera m'kolala, Atcheya amakodola Chimasula n'kuloza pansi pa tebulo ndi chibwano.

A Telala anaisokera Ng'ona chovala cha nsalu yolimba ya tenti, chokuta msana wonse, chomanga ndi loko kumbuyo. Anangosiya kabowo kamodzi, pamene pamatulukira chidendene cha nsapato yawo. Kiyi amasunga okha, ndipo kumene amamubisa Chimasula wafufuza mpaka kumasula zitseko zonse za m'nyumba. Lokoyo ndi wamtundu watsopano, wosalala, wopanda bawuti. Anawathandiza kusankha ndi mayi wogulitsa zipangizo uja.